Msempha Womaliza wa Alamu Anga

Adokotala anafunsa funso losavuta: "Kodi bambowa amwapo mankhwala alionse kunyumba?"

Mlongo wanga Felesiya anayankha ndi manja. Anapisa m'chikwama, n'kutulutsa jumbo yakuda, kumasula mfundo ndi mano, kenaka khuthu! zonse patebulo.

Ndikanakonda mukanaona, abale anga. Makapisozi ofiira kwina akuda, ena achikasu, ena obiriwira. Mapiritsi oyera okulungidwa m'pepala long'ambidwa m'kope la sukulu. Ena anali atayamba kusungunuka ndi thukuta la m'manja mwa eni ake. Kapisozi mmodzi anagubuduka n'kukagwera kunsi kwa bedi.

Adokotalawo, mayi wa magalasi wolankhula motsitsa, anayang'ana muluwo, n'kuyang'ana mlongo wanga. Sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Onsewa munagula?"

"Ayi, adokotala. Ndi a anthu odzazonda. Awa ndi otsala."

"Otsala?"

"Eee. Enawo anamwa."

Ine ndinali nditatsamira khoma, basiketi ya gadiyani ili m'manja, ndipo ndinaona adokotala akuvula magalasi n'kutikita m'maso. Pamenepo ndinadziwa kuti nkhani yoti ndikambe nanu ndaipeza. Chimene sindinadziwe n'chakuti itha ndi maliro kapena ndi nthungululu.

Ndiyambe ndakudziwitsani wodwalayo. A Kandulu ndi alamu anga, amuna a Felesiya, ndipo amakhala ku Lirangwe kuseri kwa msika. Pa unyamata wawo ankanyamula katundu pabwalo la ndege la Chileka, moti mpaka lero akamva ndege m'mwamba amakuuzani kumene yachokera osayang'ana n'komwe. Zaka zapitazi impso zawo zinatopa n'kusiya ntchito. Chiyambireni moyo wawo uli pa makina osefa magazi a kuchipatala chachikulu m'tauni, kumene amapita paminibasi sabata iliyonse mosadumphitsa.

Kuti makinawo akoke magazi n'kuwabweza, pamafunika khomo. Khomo la a Kandulu ndi kapaipi kamene madokotala analowetsa m'munsi mwa khosi, mbali ya kumanja. Musakafanizire ndi kadripi kaja amakubayani pamkono lero n'kukachotsa mawa. Aka kamalowa mumsempha waukulu wolunjika kumtima, n'kukhala mmenemo miyezi yambiri. Kunja kumangooneka timichira tiwiri tolendewera pachifuwa, tophimbidwa ndi pulasitala.

Mbali ya kumanzere inagwira kale ntchito imeneyi mpaka msempha wake unatsekeka. Misempha ya m'mikono anaiyesa, inakana. Choncho tsiku limene ankaika paipi ya kumanjayi anawauza mosabisa kuti msempha wabwino watsala umenewu, ausamale ngati dzira. Felesiya mawu amenewa anawasunga. Pulasitala ija salola kuti inyowe. Alamu amasamba mogawa, kumunsi ndi ndowa, kumtunda ndi kansalu.

Ndiye kunabwera kutentha thupi.

Kwathu kuno thupi likatentha dzina lake ndi limodzi basi: malungo. Munthu anjenjemere ndi chibayo, anjenjemere ndi chilonda, ife timati malungo. Tsiku lopita ku makina linali pafupi, ndiye banjalo linati tingodikira, tikaonetsera komweko. Mbiri inamveka kuti a Kandulu agona, ndipo anthu anayamba kufika.

Mwambo umenewu ndisanaudzudzule ndiyambe ndauyamikira. Ife sitimusiya munthu adwale yekha. Ndinakhalapo m'tauni, m'nyumba za mipanda, kumene munthu amadwala mpaka kuchira woyandikana naye osadziwa. Ku Lirangwe zimenezo kulibe. Amayi a kumpingo amabwera, anzako a kuntchito yakale amabwera, ngakhale amene munakanganapo naye malire a munda amabwera n'kukhala pamkeka. Ndipo palibe amabwera chimanjamanja.

Kale ankabwera ndi ufa, nthochi, kankhuku, botolo la thobwa. Koma chibwerereni matipate ufulu unalowa paliponse, mpaka m'makapisozi. Okala iliyonse ndi famase. Pamsika, wogulitsa mabatire a wailesi ndi yemweyo amakutsanulira makapisozi m'manja n'kukulangiza kuti ofiirawa ndi amphamvu kuposa achikasu. Nakonso kuchipatala akatipatsa mankhwala oti timwe mpaka athe, ife timamwa kufikira tsiku limene tadzuka bwino. Otsalawo timawasungira m'kabati, kuseri kwa makapu a alendo. Amenewo ndiwo asanduka mphatso ya wodwala.

"Amenewa anandithandiza ine chaka chatha. Tawayeserani."

Ndinama? Kodi m'nyumba mwanu mulibe kabotolo kotere?

Mwina mufunsa kuti bwanji osangolandira n'kubisa. Inunso yankho mukulidziwa. Wobweretsa mankhwala sachoka asanaone akumezedwa, ndipo madzi amaitanitsa yekha. Kukana mankhwala a munthu pamaso pa anthu n'chimodzimodzi kumuuza kuti ukumuganizira zoipa, kuti mwina wathiramo kanthu. Ndani angauze mkulu wa mpingo zimenezo? Nanga apongozi, ungawayambe bwanji?

Choncho a Kandulu ankameza. M'mawa ofiira a mayi wa kwaya. Masana achikasu a mnzawo wa ku eyapoti. Madzulo oyera a mayi awo owabala, a Nachisale, amene amagulitsa tomato pamsika wa Lirangwe. Felesiya ankatunga madzi n'kupereka, pakamwa pali "zikomo kwambiri". Thupi linkazizira pang'ono, n'kutenthanso kuposa poyamba.

Pofika tsiku la makina alamu sankatha kuima okha. Felesiya anandiimbira foni, ine n'kunyamuka kwathu ku Chileka kukakumana nawo m'tauni. Apo m'pamene jumbo ija inakhuthulidwa.

Malungo anayeza, sanapezeke. Adokotala anayang'ana paipi ija nthawi yaitali, kenaka anatifotokozera. Anati paipi yotere ndi njira ya moyo, komanso ndi njira imene tizilombo, mabakiteriya, tingalowere molunjika m'magazi. Tikalowa timamatirira mkati mwa paipiyo ngati ndere za mumgolo, n'kumagwera m'magazi pang'onopang'ono.

Njira yozolowereka yodziwira tizilomboto ndi kubzala. Amatenga magazi n'kuwaika m'kabotolo momwe muli chakudya cha tizilombo, n'kukasiya pofunda kuti timere. Tikamera amationa, amatitchula dzina, n'kuyesa mankhwala amene angatiphe. Ndi njira yabwino. Koma imafuna masiku, ndiponso imafuna mbewu yamoyo.

Tinadikira. Amene munakhalapo gadiyani mukudziwa kudikira kwa kuchipatala mmene kumatalikira. Alamu anali pa dripi ya mankhwala ongoyerekeza, akunjenjemera mpaka bedi kulira. Felesiya ankangoyang'ana pulasitala ija ngati imuuza kanthu. Zotsatira zitabwera, m'botolo munalibe chomera.

Mlongo wanga nkhope inamasuka. "Ndiye kuti mulibe tizilombo, eti adokotala?"

"Ndikanakonda zikanakhala choncho, mayi. Mukanandiuza kuti sanamwe kalikonse, mwina ndikanalikhulupirira botololi. Koma jumbo ija ndinaiona. Makapisozi amenewo akhoza kukhala kuti anangotikomola tizilomboto. M'botolo talephera kumera, koma m'paipi tikhoza kukhala tilipo."

Mwamva pamenepo? Ambiri a ife adokotala akafunsa ngati tamwa kanthu timayankha msangamsanga kuti ayi, poopa kukalipidwa. Felesiya akanachita manyazi amenewo, bwenzi tikusaka matenda kwina pomwe moto uli pakhosi.

Adokotala anapitiriza. "Nkhani ili apa. Pali mtundu wina wa tizilombo woopsa kwambiri. Umenewo ukakhala m'paipi sitichedwa, timaizula, apo ayi umakakhazikika mumtima. Pali mtundu wina wofatsirapo, wokhala pakhungu la munthu aliyense, umene nthawi zambiri timatha kulimbana nawo paipi ili momwemo. Popanda kudziwa mtundu wake, sindingaike moyo wa bambowa pa mwayi. Ndiyenera kuizula."

"Mukazula, ina muika pati?" anafunsa Felesiya.

Adokotala anati mwina m'mphechepeche, yongoyembekezera, imene munthu sapita nayo kunyumba. Kupitirira pamenepo sanalonjeze kanthu.

Ndinamuona mlongo wanga akukhala pansi pasimenti, miyendo tambalale. Ine mantha anandigwira, sindibisa. Komanso ndinapsa mtima, ndipo chowawa n'chakuti ndinkapsera anthu amene ndimawakonda, anthu oti anabwera ndi mtima woyera. Munthu wakuba umamutukwana mtima n'kukhala pansi. Nanga wokuvulaza ndi chikondi umamutani?

Adokotala anati kwatsala chinthu chimodzi choti ayese asanazule. Kuseri kwa mawodi kuli labu ina, yokhala ndi makina amene sadikira kuti tizilombo timere. Anatenganso magazi, ena kuchokera m'paipi momwemo, ena pamkono. A Nachisale atamva pafoni anadandaula kwambiri. "Magazi omwe achepa kalewo akungomupopa mwana wanga!"

A Kandulu nawo, ali chigonere, anafunsa ndi mawu otsika: "Akwera ndege ya liti magaziwo?"

Musaseke. Munthuyu zaka zonse zija ananyamula ndi manja ake mabokosi ozizira opita ku Joni, ndipo ankadziwa kuti ena mwa mabokosiwo muli magazi a anthu okayezedwa kunja. Kwa iwo, ndi kwa ambiri a ife okulira m'mphepete mwa bwalo la Chileka, nzeru ndi chinthu chimene chimatera ndi ndege n'kunyamukanso.

Nesi anaseka. "Ayi bambo, angowoloka kapinga uyo."

Mawa lake, dzuwa lisanafike pamutu, adokotala anabwera ndi mtsikana wovala jasi loyera. Anati ndi amene wayeza magaziwo, ndipo amubweretsa kuti tidzimvere tokha. Mtsikanayo anatipatsa moni mopinda maondo pang'ono, n'kuyamba.

"Chamoyo chilichonse chili ndi DNA yake."

Ndinaona abambo a m'mabedi oyandikana akutembenuka. Mawu akuti DNA amuna a masiku ano amawamva ngakhale ali m'tulo, paja amawadziwira ku milandu yokana ana.

"Nato tizilombo tili ndi yathu... pepani, yawo," anadzikonza akumwetulira. "Makina athu amafufuza kachidutswa ka DNA imeneyo m'magazi, n'kukachulukitsa ngati mmene amachitira a fotokope, mpaka kachuluke koti n'kuwerengeka. Tizilombo tikhale tamoyo, tikhale tokomoka, chizindikiro chake chimatsala. M'magazi a m'paipi tapezamo yambiri, m'magazi a pamkono yochepa. Ndiye kuti gwero ndi paipi. Koma mtundu wake ndi wa pakhungu uja, osati woopsawo."

Felesiya anayang'ana adokotala.

"Paipi ikhala," anatero adokotala. "Tisintha mankhwala, tipereka olunjika mtundu umenewu, ndipo ena tizitsekera m'paipi momwemo akamaliza kusefa magazi. Tiziyang'anira. Thupi likapanda kumvera tidzakambirananso, koma lero sitizula."

Muwodi saimba nthungululu. Mlongo wanga anaiimbira m'chitenje, atatseka nacho pakamwa, misozi ili chuchuchu. A Kandulu anakweza dzanja n'kuliika pambali pa pulasitala, osaikhudza.

Ine kalankhulidwe ka mtsikana uja kanali katandikayikitsa. Ndinamutsatira pakhonde.

"Pepani mayi, kwanu n'kuti?"

"Kwa Madziabango, bambo, koma ndinakulira ku Chileka. Dzina langa ndi Tiyamike."

"Mwana wa ndani?"

"Wa a Jailosi, a kabaza aja."

A Jailosi! Munthu amene wandipalasa ine kosawerengeka kuchokera pasiteji ya Chileka, malaya atanyowa kumsana, akundisimbira za mwana wake wamkazi wokonda sayansi. Anzake pasiteji ankamuseka kuti sukulu ya mtsikana imathera kubanja, bola angogula njinga yamoto apumule. Iye ankangoseka nawo n'kupitiriza kupalasa yakapalasa yomweyo.

Ndinanyada, abale. Ndinanyada ngati ndinabala ndine. Ndinafuna kulowa muwodi monse kuuza bedi lililonse kuti ameneyu ndi wa kwathu, fumbi limene ananyamula popita kusukulu ndi lomwe lili m'nsapato zangazi. Paja akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Ife tadya naye ndithu, ngakhale manja amene anachenjera ndi a bambo ake okha.

Kodi ndi kangati mwamva munthu m'minibasi akunena kuti dziko lino silidzatheka? Mawu amenewa amakoma m'kamwa, makamaka mafuta akasowa kapena magetsi akazima mpira uli mkati. Onse m'minibasi amavomera, kondakitala yemwe. Koma pamene ife tikuvomerezana choncho, kuli ana a ku Madziabango, a ku Lirangwe, a ku Chileka, amene akhala chete m'zipinda zozizira akutchula maina a zinthu zimene diso silinaonepo. Nkhope zawo sizili pansalu za misonkhano. Palibe amawavinira akamafika pantchito. Magazi amene a Kandulu ankakweza ndege, lero akuwerengedwa ndi mwana wa munthu wa kabaza.

Koma kunyada kusatitseke maso. Makina otere ndi ochepa, ndipo zoyendetsera zake zimachokera kunja, nthawi zina n'kutha. Alamu anga anachita mwayi kuti tsiku limenelo zinalipo. Okhala ndi paipi yotere si osefa magazi okha. Kuli ana odwala khansa, kuli anthu a m'chipinda cha odwala mwakayakaya, ndipo ambiri a iwo paipi amazulidwa mongoganizira chifukwa palibe wonena mtundu wa tizilombo msanga. Nthawi ya kampeni ikadzafika, ofuna mavoti akadzabwera ndi nsalu ndi malonjezo a milatho, pakati pa mafunso anu mudzaikepo ili: kodi ana athu ophunzirawa mudzawapatsa zogwirira ntchito, kapena mudzadikira kuti nawonso akwere ndege?

Komanso musaganize kuti makinawa ndi chilolezo choti tizimeza chilichonse, iwo adzatipeza kutsogolo. Tiyamike anandichenjeza yekha pakhonde paja. Anati makina amatha kuona ngakhale chizindikiro cha tizilombo tofa kale, choncho adokotala amayenerabe kuona mmene wodwalayo alili. Anatinso kubzala kuja kukadali kofunika, chifukwa ndi kumene kumasonyeza bwino mankhwala amene tizilombo tikuwakana. Ndipo mankhwala omwa mwatheka ndi amene amaphunzitsa tizilombo kukana kumeneko.

"Mukawauze anthu kumudzi, bambo," anatero. "Asamatiphere mbewu tisanabzale."

A Nachisale atabwera kudzaona mwana wawo anali ndi funso lawolawo. "Makinawo anena kuti tizilomboto anabweretsa ndani?"

Nesi anawayankha kuti makina satchula munthu, ndipo tizilombo ta mtundu umenewu tili pakhungu la tonsefe, iwo omwe. Gogoyo anayang'ana m'manja mwake, n'kunena kuti makina osatchula munthu ndi makina aulesi.

Thupi la alamu linamvera. Kutentha kunatsika, chilakolako cha chakudya chinabwerera, ndipo anayambanso kutsutsana ndi a bedi loyandikana za mtundu wa ndege imene yadutsa. Anawatulutsa, ndi lamulo lakuti mankhwala otsala azilandirira ku makina komweko, ndipo kunyumba asamwe kalikonse kosachokera kwa adokotala. Impso zosagwira ntchito sizitha kutaya mankhwala achilendo m'thupi, ndiye kapisozi amene mnzako anachira naye, kwa iwo akhoza kukhala poizoni.

Kulandira lamulo muwodi n'kosavuta. Kovuta n'kukalisunga ku Lirangwe Lamlungu masana, anthu ataweruka kutchalitchi.

Ndinaliko Lamlungu lapitali. Felesiya anali ataika beseni, sopo ndi chigubu cha madzi pakhomo. Oyamba kufika anali amayi a kwaya, ndipo kwa iwo zinayenda. Anawauza kuti adokotala aletsa, iwo n'kubweza timapepala tawo m'zikwama, wina akung'ung'udza pang'ono. Anaimba, anapemphera, anakhala pamkeka.

Kenaka anafika a Nachisale. Anakhala pansi, anapereka moni, anatsokomola. Ndiye anayamba kumasula mfundo ya pansonga ya chitenje.

"Tatungani madzi, apongozi. Awa ndi amphamvu, si a pamsika ayi. Anandipatsa kuchipatala pa chifuwa changa chija. Ndinangomwako pang'ono, ndinati enawa akhale a mwana wanga."

Mwamva? Mayi anadzimana mankhwala ake, chifuwa chisanathe, kuti asungire mwana wake. Amene mukuti kukana n'kosavuta, kanani pamenepo.

Ndinamuona mlongo wanga akupukuta manja m'chitenje. Anayenda mowerama, n'kukagwada patsogolo pa apongozi ake.

"Amayi, pepani. Amenewa samwa."

Mayi wa kwaya amene ankasenda nthochi anaima nayo m'manja.

"Mwati chani?"

"Samwa, amayi."

"Ndiye mukuti ine ndingamuphe mwana wobala ndekha? Pamaso pa anthu onsewa?"

"Ayi, amayi. Pamudzi pano palibe amene amawakonda kuposa inu, ngakhale ine sindifikapo. Koma msempha watsala umodzi. Mukandikwiyira inu, ndidzabwera ndi nkhuku kudzapepesa, chaka chino, chaka chamawa, mpaka mudzandikhululukire. Msemphawo ukatsekeka ndikapepesa kwa ndani?"

Felesiya sanadzuke ndipo sanatunge madzi akumwa. A Kandulu, amene pamaso pa mayi awo sakweza mutu, analankhula akuyang'ana pansi. "Akunena zoona, amayi."

A Nachisale anayang'ana makapisozi aja m'dzanja mwawo nthawi yaitali. Polankhula, ukali unali utatha, kunatsala china chowawa kuposa ukali.

"Ndiye mwana wanga ndimupatse chani? Ndizibwera chimanjamanja ngati munthu wodutsa?"

Felesiya anakwawa ndi maondo, n'kukoka beseni lija kuliika patsogolo pawo. "Sambani m'manja, amayi, mukhale pafupi nawo. Chiyambire m'mawa akungofunsa za inu. Makapisoziwo mawa tipite nawo limodzi kuchipatala, akakuoneninso chifuwacho."

Gogoyo anamanganso mfundo yake pang'onopang'ono. Kenaka anatambasula manja, Felesiya n'kuwathirira madzi. Anasamba ndi sopo mpaka m'zigongono, anasendera pamkeka, ananyamula mapazi a mwana wawo kuwaika pamiyendo, n'kuyamba kuwasisita.

Sindikunamizani kuti zinatha bwinobwino. Masana onse a Nachisale sanamulankhule mlongo wanga, ndipo pochoka anatsanzika aliyense kupatula iye. Kuchipatala mawa lake anapita ndi mdzukulu wawo wamkazi, osati ndi mpongozi. Pamsika nkhani yafika kale yakuti mkazi wa a Kandulu wayamba mwano chibwerereni kutauni. Felesiya akudziwa kuti nkhuku ija adzaiperekadi, ndipo mwina si imodzi. Paipi ikadali m'malo mwake, ndipo alamu apitanso ku makina ndi miyendo yawo.

Ndanyadira akazi awiri masiku amenewa. Wina anaphunzira mpaka kutha kuwerenga dzina la tizilombo m'dontho la magazi. Wina anagwada pamaso pa apongozi ake, anthu a mpingo akuona, n'kunena kuti ayi. Woyambayo tili naye mmodzi kapena awiri, ndipo sangafike pakhomo lililonse. Wachiwiriyo akufunika m'nyumba iliyonse mmene mwagona wodwala, ndipo amene timamuvutitsa ndi ife odzazondafe.

Lamlungu likubwerali nanunso mukazonda wodwala wanu. Mkazi wake akakagwada n'kukana zimene mwamanga pansonga ya chitenje, mukatuluka mukunena kuti ndi wamwano, kapena mukapempha sopo?